Sikelo ya a Fakiri ndi Mwala wa ku Bua

Ku Nkhotakota kuno ukafunsa za a Fakiri Selemani masiku ano, anthu amayamba ayang'ana uku ndi uku, kenako n'kunong'ona kuti, "Aja anaba mwala wa mwana wa mlongo wawo aja?" Anthu omwewa, ndi pakamwa pomwepa, kwa zaka makumi anayi ankati m'boma muno mulibe munthu wosanama ngati iwo. Zimandipweteka mtima, ndiye ndilekeni ndifotokoze mmene zinayendera, chifukwa eni akewo sadzafotokoza.

A Fakiri anabadwira m'banja la asodzi, ndipo akanakalambira m'bwato ngati bambo awo pakanapanda akatswiri a miyala amene anabwera kudzafufuza mumtsinje wa Bua m'zaka za m'ma 1980. Ankafuna munthu wodziwa kupalasa ndiponso wosaopa ng'ona, ndipo anapeza a Fakiri, omwe panthawiyo anali atangokwatira kumene. Mtsogoleri wa gululo, a Percy Mhone, anali munthu wouma pakamwa, koma anaona kuti wopalasa wawo uja akangokocheza bwato, maso ake sachoka pa kasikelo ka mbale ziwiri kamene iwo ankayezera miyala.

"Diso limanama, Fakiri," a Percy anawauza tsiku lina. "Miyala iwiri ikhoza kufanana ngati mapasa, wina wachuma, wina wolasira mbalame. Koma mwala uliwonse uli ndi kulemera kwake kobadwa nako. Uuyeze pamtunda. Kenako uumange ndi ulusi, uumize m'madzi, uuyezenso. M'madzimo umapepuka, monga umapepukira iwe ukamasambira. Ugawe kulemera kwa pamtunda kuja ndi kumene kwachoka m'madzimo. Nambala imene utapezeyo ndiye dzina la mwalawo."

Nsangalabwi, mwala woyera uja uli mbwee m'mitsinje yathuyi, nambala yake ndi 2.65. Akwamarini, mwala wobiriwira pang'ono umene ogula amaulipira ndalama zomangira nyumba, umayambira pa 2.68. Kampata kake n'kochepa choncho, ndipo a Percy ankabwereza ngati pemphero kuti chimene chimatseka kampatako ndi madzi. Akhale a mvula, ozizira, a mumtsuko wa pamthunzi. Madzi ofunda ndi opepuka, sanyamula mwala mokwanira, ndiye nambala imakwera yokha, nsangalabwi n'kuvala dzina la mnzake. Ntchito yawo itatha, a Percy anawasiyira a Fakiri sikeloyo, kabokosi ka tizitsulo ta mkuwa toyezera, ndi kagalasi koyezera kutentha kwa madzi.

Kuyambira pamenepo a Fakiri anausiya ukonde. Chakudya cha pakhomo chinkachokera m'kukonza masikelo a ogulitsa mpunga ndi nyama mumsika, koma dzina lawo linachokera pakhonde pawo, pamene ankayeza miyala. Aliyense wotola chonyezimira, kaya ku Bua, kaya ku Malenga Chanzi, kaya kumapiri, ankabwera nacho atachikulunga m'kansanza. A Fakiri anali ndi lamulo lawo: mwala ugone masiku atatu, uyezedwe m'mawa katatu, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo pa anthu khumi, asanu ndi anayi ankamva mawu omwewo, opanda mchere, opanda pepani: "Nsangalabwi iyi. Kapatseni ana alasire mbalame."

Sankakondedwa, tisanamizane. Munthu amene amakuphera maloto sumuitanira tiyi. Koma ankakhulupiridwa, ndipo iwo ankati kukhulupiridwako kumawakwanira. Amene ankakwiya n'kupita ndi mwala wawo ku Lilongwe ankabwerako atataya ndalama ya basi, n'kumati, "Akuluwa sanama." A Fakiri nawo matama sanawasowe. Ankakonda kunena pakhonde la mzikiti, anthu akuvala nsapato, kuti, "Ine sindinalakwitsepo. Mwala sunama, ndipo ine ndimangonena zimene mwala wanena." Mawu amenewa anthu anawasunga bwino.

Kagalasi koyezera kutentha kaja kanasweka kalekale, ndipo m'malo mwake a Fakiri ankagwiritsa ntchito chala. Asanamize mwala ankayamba aviika chala chamkombaphala m'beseni, n'kugwedeza mutu. Chifukwa chake sanauzepo munthu, ngakhale akazi awo. Ankati za sikelo si za kukhitchini.

Akazi awowo anachokera ku Ngala, kubanja la Atonga opemphera kutchalitchi. Kwawo anali Dyness. Atalowa Chisilamu anapatsidwa dzina loti Mwanahalima, ndipo anamanga Ramadhani zaka zonsezi osadumphitsa, anasambitsa maliro a azimayi a pamzikiti, anaphika pa maukwati a abale onse a amuna awo. Komabe kwa alamu awo a Asiyatu, mlongo wa a Fakiri, zonsezi sizinakwane. Zinthu zikamayenda bwino ankati "amake Rahila." Kukangosowa mpeni pa sadaka, kapena mwana akadwala, dzina lakale lija linkatuluka m'thumba: "Mufunseni Dyness." Mayiyo ankangopitiriza ntchito.

Mwana wawo anali mmodzi, Rahila, amene anadzakhala mphunzitsi wa sayansi ku Kasungu. Tsiku lina atabwera kudzacheza anawaonetsa bambo ake chithunzi pa foni: mpira wonyezimira ngati galasi, waukulu ngati dzaye. Anawafotokozera kuti akatswiri a kunja anausula kuchokera ku silikoni wosasakanikirana ndi kanthu, n'kuuyeza kulemera ndi kukula kwake mosamala kwambiri mpaka anatha kuwerengera maatomu ali m'kati mwake. Ntchito imeneyo inathandiza nawo kukhazikitsa kilogalamu mwatsopano, kuti dziko lisadalirenso kachitsulo kamodzi kotsekeredwa m'kabati ku France.

"Ndipo ababa, silikoniyo amamuchotsa mu nsangalabwi yomwe ija mumati ana alasire mbalame ija," anatero Rahila akuseka. "Amasamala ngakhale kutentha kwa chipinda choyezeramo."

"Ayenera kutero," anayankha a Fakiri, ngati akuvomereza ntchito ya ophunzira awo. "Ndiye kuti ntchito yawoyo ndi yanga yomweyi. Kungoti iwo ali ndi magetsi."

Nkhani ya mpira uja anaifotokoza mumsika monse kwa mwezi wathunthu, mpaka ogulitsa nyama anayamba kuwaseka kuti azungu abwera liti kudzawatenga. Iwo sankasamala. Kwa nthawi yoyamba ankaona kuti pakhonde pawopo sali okha.

Ukalamba sugogoda. Matenda a shuga anawalowa mwakachetechete, ndipo chimene anayamba kudya ndi nsonga za zala. Ankatha kugwirabe tizitsulo tawo, koma kutentha ndi kuzizira zala zija zinasiya kusiyanitsa. A Fakiri anadziwa, ndipo sanauze munthu. Mwambo woviika chala anaupitiriza, n'kumagwedeza mutu ngati kale, akudziuza kuti mtsuko ndi womwewo, mthunzi ndi womwewo, nanga chingasinthe n'chiyani. Pambuyo pake ankazitikita zalazo, kuyesa kuzidzutsa. Popeza msana nawo unali utayamba kukana, anawalola akazi awo kuti aziwatungira madzi a mumtsuko n'kuwaikira beseni patebulo.

M'mwezi wa Juni chaka chathachi, mwera ukuwomba moti asodzi ankangokhala pamchenga atafunda matumba, kunabwera Faruku, mwana wa a Asiyatu. Anali bambo wa ana atatu, mwini boti la injini ndi ukonde wa chilimira, munthu amene anayambira pa bwato lobwereka n'kudzikweza yekha. M'dzanja anali ndi mwala waukulu ngati dzira la nkhuku, wosalala chifukwa chokokoloka ndi madzi, woonekera mkati, wobiriwira pang'ono ngati botolo. Anautola m'mphepete mwa dambo la mpunga la amayi ake, kumtunda kwa Bua.

"Amalume, tandionereni. Musandinyengerere."

"Ndinayamba ndanyengererapo ndani? Ubwere Lachinayi."

M'mawa woyamba unatuluka 2.68. A Fakiri anapukuta magalasi awo, anachotsa tithovu pamwalapo ndi nthenga ya nkhuku, n'kuyezanso. Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku lachitatu chimodzimodzi. Zaka makumi anayi akuphera anthu osawadziwa maloto, lero mwala weniweni unagwera m'banja mwawo momwe. Faruku atabwera anapeza amalume ake akumwetulira, chinthu chimene sanachionepo.

"Alhamdulillah, mwana wa mlongo wanga. Akwamarini uyu. Pamene pali mmodzi pali anzake."

Akanakhala wina wonena zimenezi, Faruku akanakafunsa kawiri. Koma awa anali a Fakiri. Mkazi wa Faruku anayesa kumukumbutsa kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, iye anati amalume salakwitsa. Anagulitsa boti, injini ndi chilimira chomwe. Analemba anthu okumba, ndipo dambo la a Asiyatu, limene linkadyetsa mabanja atatu mpunga wa kilombero, linasanduka maenje okhaokha, mchenga pamwamba, dothi labwino pansi. Miyezi itatu anatola timiyala todzaza kathumba ka shuga. Mu Okutobala anakwera basi ya ku Lilongwe atavala malaya atsopano.

Anabwerako tsiku lachiwiri. Sanapereke ngakhale salamu. Anaponya mwala uja pamapazi pa amalume ake, unagunda simenti kuti gwa.

"Ogula atatu, amalume. Onse andiseka. Wina wandifunsa ngati ndili ndi legeni."

A Fakiri anautola. M'mawa mwake anauyeza, ndipo unatuluka 2.65. Anasintha ulusi, anapukuta mbale za sikelo, anayeza tizitsulo tawo kamodzikamodzi. Nambala sinasunthe. Mwala unali womwewo, ankaudziwa ndi kamng'alu kake ka pambali, ndipo unali nsangalabwi. Anakhala pampando tsiku lonse osadya, mutu uli zii.

Pofika nthawiyo nkhani inali itazungulira kale msika. Anthu sankati a Fakiri alakwitsa. Alakwitsa bwanji, si paja anatiuza okha kuti salakwitsa? Ankati mwala weniweni unagona kwawo masiku atatu, ndipo umene unabwezedwa ndi wina. Lamulo lawo lomwe lija la masiku atatu, limene ankadzitama nalo, ndi limene linasanduka umboni. Akuluakulu a banja anagwirizana kuti nkhaniyi ikambidwe Lachisanu mapemphero akatha, pamaso pa shehe.

Lachitatu m'mawa, akazi awo akuika beseni patebulo, a Fakiri anafunsa mosayembekezera kanthu.

"Amake Rahila, mu Juni muja panali munthu anakhudza mtsuko wanga?"

"Ayi, abambo, ndinkatunga ndekha." Kenako anamwetulira, kumwetulira kwa munthu amene wagwidwa akuchita chabwino. "Kungoti ndinkathirako a m'ketulo. Mumati mukaviika chala n'kumachitikita, ine chifundo n'kundigwira, kuzizira kuja. Sindinakuuzeni poti mukanakana. Kutayamba kutentha ndinasiya."

Anatola tsache n'kumapita kuseri akung'ung'udza kanyimbo. Mayiyo atapita kumsika, a Fakiri analowa kukhitchini, kumene sanapondeko zaka zambiri, anatereka ketulo, n'kuthira madzi ake m'beseni. Anaviika chala, osamva kanthu. Anamiza mwala, ndipo nambala inakwera kufika 2.68.

Poyamba anapsa mtima, ndipo sindingawabisire. Kenako anasangalala, chifukwa dzina lawo linali litabwerera m'manja mwawo. Mabeseni awiri, ketulo imodzi, mphindi khumi pamaso pa shehe, aliyense adzaona ndi maso ake kuti mwala ndi womwewo, sikelo ndi yabwino, ndipo Fakiri si wakuba. Lachisanu analongedza sikelo m'bokosi lake, anaika mabeseni awiri ndi fulasiki ya madzi otentha m'chikwama cha ufa, n'kunyamuka. Akazi awo anawatsatira pambuyo, osadziwa chimene chili m'chikwamamo.

Anthu anakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa mzikiti, amuna pamabenchi, akazi pamphasa. Shehe asanamalize n'komwe mawu otsegulira, a Asiyatu anadzuka, chitenje atamanga m'chiuno.

"Ine achimwene anga ndikuwadziwa, tinayamwa bere limodzi. Sangabe. Koma m'nyumbamo sakhalamo okha. Amasesa pakhondepo ndani? Amalowa kuchipinda kumene kumagona miyalako ndani? Abale ake a ku Ngala aja mwezi wathawu afolera nyumba ndi malata, ndalama azitenga kuti? Mufunseni Dyness. Ndinanena kalekale ine kuti tidzalira naye mkaziyu."

Panamveka kung'ung'udza kovomereza, makamaka kuchokera kwa azimayi amene mayiyo anawasambitsira amayi awo. Mwanahalima anangoweramitsa mutu, akupotokola nsonga ya mpango wake. Shehe anakweza dzanja, n'kutembenukira kwa a Fakiri.

"A Selemani, tiuzeni zoona pamaso pa Mulungu. Kodi akazi anu anakhudzapo chilichonse cha ntchito yanu pamasiku atatu amenewo?"

Chikwama chinali pakati pa miyendo yawo. A Fakiri anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana Faruku amene maso ake anali ofiira, ndipo anaona bwinobwino mmene zithere. Akatulutsa mabeseni aja, anthu adzaomba m'manja, kenako wina adzafunsa kuti anafunditsa madziwo ndani. Palibe adzamve zoti kunali kuzizira, zoti zala, zoti chifundo. Adzangomva kuti Dyness anathira kanthu m'madzi, boti la Faruku n'kupita, dambo n'kufa. Mayiyo sadzapondanso pachitsime kapena pamaliro m'tauni muno, ndipo choipa kwambiri, adzadziwa yekha chimene manja ake anachita. Ndipo ndani anamubisira chifukwa cha madzi ozizira zaka makumi anayi? Ndani ankagwedeza mutu ndi chala chakufa?

"Mkazi wanga sanakhudzepo chilichonse cha ntchito yanga," anatero a Fakiri. "Ngakhale tsiku limodzi. Zonse ndimachita ndekha."

Limeneli linali bodza lawo loyamba, ndipo analinenera kuseri kwa mzikiti, tsiku Lachisanu. Mwanahalima anadzutsa mutu, akufuna kukumbutsa za kutunga madzi, koma amuna awo anawayang'ana ndi diso lija lakuti za sikelo si za kukhitchini, ndipo anaweramitsanso mutu.

"Ndiye chinachitika n'chiyani?" anafunsa shehe.

"Ndinalakwitsa. Ndakalamba."

Faruku anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. "Inu amalume simulakwitsa. Munatiuza nokha, pakhonde apo, Lachisanu lililonse. Katatu konse mulakwitse nambala imodzimodzi? Wallahi, mukanangondiuza kuti mukufuna gawo, ndikanakupatsani."

Anthu anatenga kukhala chete kwa a Fakiri ngati kuvomera, ndipo kunena zoona anakondwa. Munthu amene wakuuza zaka zambiri kuti mwala wako ndi wolasira mbalame, tsiku lomuona ali pansi silikhala loipa. Ena amene anabwezedwa ndi nsangalabwi zawo kalekale anayamba kukumbukira kuti miyala yawonso inagona masiku atatu. Shehe, pofuna kuti nkhani ithe popanda apolisi, anati a Fakiri asayezenso mwala wa munthu, ndipo sikeloyo aipereke kwa Faruku. Anaipereka ndi manja awiri. Chikwama cha ufa chija anabwerera nacho kunyumba osachimasula, ndipo madzi a mufulasiki anakawataya okha kuseri kwa bafa.

Rahila anaimba foni akulira, kuwapempha kuti amuuze chimene chinachitika, kuti iye abwere ndi zipangizo za kusukulu adzayeze pamaso pa anthu. Bambo ake anamuuza kuti asavutike, maso ndiwo atha. Anadziwa kuti mwanayo ndi wanzeru, akangobwera funso lake loyamba likhala la madzi.

Sikelo ija Faruku anaigulitsa kwa ogula zitsulo zakale. Tizitsulo ta mkuwa, timene a Fakiri ankatigwira ndi kansalu kuopa thukuta la m'manja, anatiboola n'kutimangirira ku ukonde wa bwana amene akumugwirira ganyu tsopano. Timamiza ukonde bwino, akutero. Ogulitsa mpunga nawo anasiya kubweretsa masikelo awo, poti ndani angapatse wakuba sikelo. Pakhomopo tsopano pamadyedwa za mandasi amene Mwanahalima amagulitsa pasiteji, ndipo azimayi amamugula momumvera chisoni, n'kumanong'onezana kuti mayi wabwino chotere anakwatiwa ndi mbala. A Asiyatu ayambanso kumutchula kuti amake Rahila.

Juni wafikanso, ndi mwera wake. A Fakiri amakhala pakhonde pomwe paja, patebulo pali mbee. Nthawi ya mapemphero a swala ikayandikira, akazi awo amabwera ndi beseni lija, lomwe tsopano ndi lotawazira asanapemphere, n'kugwada pambali pawo.

"Ndathirako a m'ketulo, abambo. Taonani ngati afunda bwino."

A Fakiri amaviika manja onse awiri, n'kudikira pang'ono ngati akumvetsera. Samva kalikonse.

"Afunda bwino, amake Rahila," amatero. "Zikomo."